Phula m'Dziwe la a Kaitano

Amayi anga anandichenjeza tsiku lina tikuchapa zovala za adona, mkazi wa bwana wathu, kuseri kwa nyumba yaikulu. Sanandiyang'ane n'komwe, maso awo anali pa nsalu imene ankafinya. Anati, "Tereza, munthu akakuuza kuti lowa, mulibe kanthu, uyambe waona iye mwini atalowamo. Ngakhale akhale atate ako." Ine ndinaseka, chifukwa atate anali Mchikunda, munthu wa pamadzi, ndipo ndinkaganiza kuti palibe chimene chingabisale m'madzi iwo osachidziwa. Amayi sanaseke. Anangondipatsa nsonga ina ya nsaluyo kuti tithandizane kupotokola.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi kapena kupitirirapo pang'ono, nthawi imene akuluakulu ankatchulabe boma lathu kuti Feira. Tinkakhala m'kanyumba ka antchito, kumbuyo kwa nyumba ya a Kaitano, wamalonda a nsomba zouma amene makolo awo anachokera kutsidya, ku Zumbo. A Kaitano anali ndi lole, anali ndi mabwato, analinso ndi mfuti imene ankaipukuta pakhonde Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi. Atate ndiwo ankayang'anira mabwatowo, kuolotsa mitolo ya nsomba pamene Luangwa imathira mu Zambezi. Amayi ankachapa ndi kusita. Ine ntchito yanga yoyamba inali dziwe.

Nyumba imeneyo a Kaitano anaigula kwa mzungu wina wosaka njovu, ndipo mzunguyo anasiya kuseri kwake dziwe la simenti losambiramo, zimene ana a lero amati swimingi puulu. Mbali ina madzi ankandifika m'chiuno, mbali inayo munthu wamkulu ankamira ngakhale atakweza manja. Mkati monse munali mopakidwa penti wabuluu wowala, moti ukagwetsamo singano unkaiona ili pansi. M'mawa uliwonse ndinkachotsa masamba a msau ndi kadengu komangirira kunsungwi. Masamba ena ankamira n'kukaunjikana pa chivindikiro chachitsulo chimene chinali pansi penipeni kumbali yakuya, potulukira madzi. Amenewo ndinkawalowera. Ndinakulira mumtsinje, mpweya ndinkausunga nthawi yaitali, ndipo ntchito imeneyi ndinkaikonda. Pansi pake panali phee, pozizira, ndipo ndikayang'ana kumwamba ndinkaona miyendo ya amayi ikudutsa ndi beseni.

A Kaitano eni ake sankasambira. Dziwe linali la alendo. Akabwera akuluakulu a kuboma ankawatengera kuseri, mowa uli m'manja, n'kumawaonetsa ngati munthu akuonetsa mkazi watsopano.

Chaka chimenecho penti anayamba kusupuka. Poyamba anatupa matuza, kenako ankang'ambika zibenthu zakuthwa zimene zinacheka mwana wa adona kuphazi. Kukhoma la kumbali yakuya kunatulukanso mng'alu, woyamba ngati ulusi, ndipo madzi ankatsika usiku uliwonse, moti pampu inkalira tsiku lonse kukoka ena kumtsinje. A Kaitano anaitanitsa mmisiri kuchokera ku Lusaka. Anabwera pa lole yathu yomweyo, atakhala pamwamba pa matumba, bambo wamfupi wa chipewa choyera, akudandaula kutentha kuyambira pa geti. Anauza antchito kuti atulutse madzi onse. Analowa pansi ndi kanyundo, n'kumagogoda khoma uku akutchera khutu ngati sing'anga. Ine ndinali chikhalire m'mphepete, miyendo ili lende, ndikumvetsera.

Anati penti yense wakale afunika kupalidwa mpaka simenti ionekere. Mng'alu afunika kuukulitsa kaye asanaumate, apo ayi ubwereranso. Kenako pulasitala watsopano, kudikira kuti aume bwino, ndiye penti wake wa maiwe, osati wa nyumba, wopakidwa kangapo. Zonsezo zochokera ku Lusaka, pamodzi ndi anyamata ake. Atatchula mtengo, a Kaitano anakhala pansi pa mpando ngati awakankha.

"Mwati bwanji? Imeneyo ndi injini ya boti yatsopano! Ine ndagula dziwe kapena ndakwatira mkazi wachiwiri?"

"Bwana, mkazi wachiwiri angakuchepereni," anatero mmisiri uja, akudzipepesera mphepo ndi chipewa. "Dziwe limadya chaka ndi chaka."

"Penti chabe! Penti ndi madzi a mtundu!"

"Ndiye pakani madzi a mtunduwo, bwana. Mudzandiitananso."

Anabwerera ndi lole ya nsomba m'mawa mwake, ndipo dziwe linakhala lopanda madzi, lili yasa padzuwa.

Atate ndiwo anabweretsa nzeru ya phula. Palibe anawatuma. Ndikukumbukira madzulo ake akuwauza amayi, nkhope ikuwala, kuti munthu wa ku Lusaka uja sadziwa madzi. Iwo anakula akumata mabwato. Bwato ukang'aluka, kaya ndi mwadiya wosema kumtengo umodzi kaya wa matabwa, umaphika phula, kuthira mumng'alu, kupaka pamwamba, basi wauma. Dziwe ndi bwato womwewo, anatero, kungoti madzi ali mkati m'malo mwa kunja. Ndipo anadziwa munthu amene anali ndi migolo ya phula yotsala pa ntchito ya msewu, amene akanalandira nsomba zouma m'malo mwa ndalama.

"Atate ake Tereza, mwafunsidwa?" anatero amayi.

"Munthu ukamadya za mnzako umamuthandiza asanakufunse."

"Zikakoma adzati dziwe la a Kaitano. Zikaipa adzati phula la a Zuze."

"Iwe chilichonse umachionera kumapeto koipa," atate anaseka. Zuze linali dzina lawo.

A Kaitano anakondwa kwambiri. Anawagwira atate paphewa pamaso pa antchito onse, ati uyu ndiye mmisiri weniweni, osati akuba a zipewa zoyera. Ntchito inayamba mwezi wa Okutobala, ndipo inu amene mumadziwa chigwa chathu mukudziwa Okutobala wa kuno, pamene mwala umawotcha phazi dzuwa lisanafike pamutu. Anadula mgolo pakati, kuusanjika pamafuwa, n'kumaphika phula mpaka libwate. Fungo lake linalowa m'zovala zonse zimene amayi anayanika, m'madzi akumwa, m'tsitsi. Atate ankatsika makwerero ndi ndowa yofuka utsi, n'kumapaka ndi chiguduli chomangirira kundodo, akuimba nyimbo zawo za pamtsinje. Ine ndinkawaza mchenga pamwamba kuti phula lisamate kumapazi. Dontho limodzi linandigwera padzanja, chipsera chake ndili nachobe. Panali unyolo umene unkachokera pa chivindikiro chija kukwera m'khoma mpaka kumtunda, kuti munthu azitha kutsegula madzi ataima pouma. Unkawasokoneza popaka, ndiye atate anaumasula n'kuuponya pansi pa msau, ati tidzabwezeretsa. Pambuyo pake wina anautenga kukamangira bwato.

Tsiku ndi tsiku ndinkaona buluu uja akuchepa, mdima ukukwera kuchokera pansi, mpaka dziwe lonse linada bii ngati mkati mwa mphika wakale.

Ndinene zoona, phula linagwira. Atadzaza madzi sanatsikenso ngakhale pang'ono. A Kaitano anawapatsa atate jekete lakale ndi botolo la kachasu, ndipo atate anavala jeketelo kutchalitchi, kutentha konse kuja, thukuta lili chuchuchu. Sindinawaonepo atanyada choncho.

Koma ine nditaima m'mphepete m'mawa woyamba, kadengu kali m'manja, ndinayang'ana pansi n'kuona nkhope yanga yokha. Pansi panalibe. Madzi omwewo, a mumtsinje womwewo, koma anasanduka galasi lakuda. Ndinaponyamo kamwala koyera. Kanaoneka pang'ono, kenako kanazimirira ngati kamezedwa.

Masana madziwo ankatentha ngati tiyi, chifukwa phula limamwa dzuwa. Pamwamba pankayandama mafuta owala mitundumitundu. Ana a adona analowamo kamodzi n'kutuluka zovala zili ndi mawanga akuda amene amayi anachapa mpaka zala kutupa, osachoka. Sanalowenso. Alendo akabwera ankayang'ana, kutsokomola, n'kubwerera pakhonde. A Kaitano anasiya kugula mankhwala oyeretsera madzi, ati aononge ndalama pa madzi osaoneka? Adona, poona kuti dziwe langokhala, anagula abakha n'kuwasiya azisambiramo. Ine ndinkalowabe kukachotsa masamba pa chivindikiro, koma tsopano ndinkafufuza ndi manja, maso otsegula osaona kanthu, ndipo ndinkafulumira kutuluka.

Mvula itayamba, Luangwa inadzaza. Kumbuyo kwa mpanda wathu wa bango kunali khwawa limene chilimwe chonse linkakhala louma, ana tinkaseweramo. Mtsinje ukadzaza madzi ankabwerera m'khwawamo mpaka kufika pafupi ndi mpanda. Chiswe chinali chitadya mizati, ndipo pakona ina bango linagwa, pakhala mpata woti mbuzi n'kudutsa.

Bakha woyamba anasowa. Adona anati ndi nkhandwe. Wachiwiri atasowa anabwera kukanyumba kathu, anaima pakhomo osalowa, n'kumanunkhiza.

"Mai ake Tereza, mwaphika chiyani lero?"

"Therere, adona. Vundukulani muone."

"Therere lanu limanunkhira bwino masiku ano."

Amayi anavundukula okha mphika uliwonse, ngakhale wa madzi, kuwaonetsa. Adona anapita osapepesa.

Ine ndinayamba kuona zina. Achule amene ankasokosa m'dziwemo mvula itangoyamba analeka onse. Galu wa a Kaitano, amene ankamwa pa makwerero a kumbali yosaya, anayamba kuzungulira patali, mchira uli pansi, n'kukamwa m'chithaphwi cha matope. Abakha otsala anasiya kulowa, ankangounjikana pansi pa lole. M'mawa wina ndinapeza nthenga zitamatirira pa phula m'mphepete, ndipo udzu wochokera pa mpata uja unali utagona njira imodzi, ngati wina wakokapo thumba lonyowa. Panalinso kafungo kena pansi pa fungo la phula, kofanana ndi pamene asodzi amatumbulira nsomba. Ndinkakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana madziwo kumbali yakuya, kumene msau unkagwetsa mthunzi ndipo masamba ankayandama mothinana. Sindinaone kanthu. Tsamba lina linkaoneka ngati layenda lokha, koma masamba amayenda.

Ndinawauza atate kuti mwina mwalowa ng'ona, imene kuno timati ngwena. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ngwena m'phula? Unaonapo ngwena ikuyandikira bwato womatidwa kumene? Fungo limeneli imalithawa. Ine ndakalamba pamtsinje, mwana iwe."

"Nanga abakha?"

"Abakha akudyedwa ndi ngwena za miyendo iwiri, zimene zimakweza katundu pa lole."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulowa. Ndinkangochotsa za pamwamba ndi nsungwi, nditaima patali, ndipo palibe anazindikira, chifukwa pansi sipankaoneka kuti pali masamba kapena palibe.

Chaka chatsopano chitayandikira, a Kaitano analandira uthenga woti kubwera alendo a kutsidya, abale a adona. Analamula kuti madzi akale atulutsidwe onse, dziwe litsukidwe, pampu ikoke atsopano. Unali m'mawa, dzuwa litatuluka kale, mvula itakata usiku. Anyamata a lole anali pomwepo ndi matsache, akudikira kuti madzi atsike. Apa ndi pamene anthu anakumbukira kuti unyolo kulibe. Chivindikiro chinafunika munthu wokachikoka ndi dzanja, pansi penipeni.

"Tereza," anaitana adona, "vula diresi ulowe ukatsegule."

Ndinaima pomwe ndinali.

"Wamva?"

"Sindilowa, adona."

Anyamata aja anasiya kucheza. Kunyumba imeneyo palibe mwana wa wantchito anayankhapo choncho.

"Ati chiyani? Si iwe umalowa masiku onse ngati katumbu? Lowa, mulibe kanthu, ndi madzi chabe."

Ndinayang'ana kwa amayi. Anali ataima pa chingwe choyanikira, malaya onyowa ali m'manja, akundiyang'ana.

"Yambani mwalowa inuyo, adona," ndinatero.

Mbama ya atate sindinaione ikubwera. Anali asanandimenyepo chibadwire. Ndinagwa chokhala m'matope, khutu likulira. Nditadzuka ndinapeza amayi afika kale, andigwira pamkono, zala zawo zozizira ndi madzi ochapira zikulowa m'mnofu. Anangondigwira, ndipo aliyense anaona kuti sandisiya.

A Kaitano anali pakhonde ndi kapu ya tiyi. "Zuze," anatero mwakachetechete, "pakhomo pako amalamula ndani?"

Atate anavula malaya. Anawapinda bwinobwino n'kuwaika pa mpando. Anayesa kuseka kuti manyazi achepe. "Mwana wa Mchikunda kuopa madzi a m'mbale! Muone, anyamata, mmene amuna amalowera." Anatsika makwerero a kumbali yosaya, madzi m'mawondo, m'chiuno, n'kusambira kupita kwakuya. Anamira. Tinadikira. Anatulukira akupukusa mutu, akulavula.

"Kutentha ngati tiyi wa abwana! Chivindikiro chamatirira, phula lagwira m'mbali. Ndibwererenso."

Anyamata anaseka. Ngakhale adona anamwetulira. Ine ndinamva zala za amayi zikumasuka pang'ono. Atate anakoka mpweya n'kumiranso.

Madzi anakhala bata kanthawi. Kenako anatupa pakati, ngati mphika ukafuna kubwata, ndipo masamba onse anabalalika. Chinachake chinamenya khoma pansi, tinamva kugunda kwake m'mapazi mwathu. Mwendo wa atate unatulukira n'kuzimiriranso. Kenako mchira. Adona anakuwa. A Kaitano anathamangira mfuti, koma atabwera nayo anangoima m'mphepete akuloza uku ndi uku, chifukwa m'madzi akudawo sankatha kudziwa kuti munthu ali pati, chilombo chili pati. Magazi sankaoneka n'komwe. Pa buluu uja akanaoneka, koma pa phula madzi anangokhala akuda monga kale.

Atate anali ndi mphamvu za munthu wopalasa. Anadziponda kukhoma n'kudzikokera kumbali yosaya, chinthucho chili lende pamkono wawo wamanja, chikudzipotokola. Pamene mutu wawo unatulukira sanakuwe, ankangopuma ngati ng'ombe. Anyamata analumphiramo ndi nkhafi ndi nkhwangwa ya nkhuni. Ngwenayo inafa pa makwerero pomwepo, koma nsagwada anachita kuzikanula ndi chitsulo cha matayala. Sinali yaikulu ayi. Kutalika kwake inali ngati chitseko cha nyumba. Anthu a pamtsinje akanaitcha kamwana.

Atate anawakweza pa lole ya nsomba, amayi atawamanga mkono ndi malaya onyowa aja. Msewu wa kuchipatala cha ku Katondwe unali matope okhaokha, lole inkatitimira, anyamata n'kumatsika kukankha. Ine anandisiya kunyumba. Ndinakhala pakhomo pa kanyumba kathu tsiku lonse, tsaya likutentha, ndikuyang'ana anthu akubwera kudzaona ngwena. Kuchipatala anapulumutsa moyo wa atate, koma mkono anaudula pansi pa chigongono.

A Kaitano anapita kukawaona kamodzi, ndi paketi ya shuga. Amayi anandiuza mawu awo ndili wamkulu kale. Ati, "Pepa Zuze. Koma ukudziwa wekha kuti phula lija inali nzeru yako." Munthu wa dzanja limodzi sapalasa bwato, ndipo kanyumba kaja kanali ka munthu wopalasa. Mvula isanathe tinasamukira ku Mburuma, kwawo kwa amayi, kutali ndi mtsinje, kumene atate anakhala moyo wawo wonse wotsala akuweta mbuzi za alamu awo.

Tinamva pambuyo pake kuti mmisiri wa chipewa choyera anaitanidwanso. Anagogoda khoma n'kunena kuti penti sagwira pa phula, afunika kuyamba aligoba lonse ndi tchizulo mpaka simenti, ndipo mtengo unakwera kuposa woyamba uja kutalitali. A Kaitano anathiramo dothi n'kubzalamo nthochi.

Za mbama ija atate sanazitchulepo. Koma tsiku lina tikuchokera kudambo, ine nditasenza nkhuni, iwo akukusa mbuzi ndi ndodo kumanzere, anandifunsa osanditembenukira.

"Unaiona ngwena ija?"

"Iyayi, atate."

"Nanga unadziwa bwanji kuti ilimo?"

"Sindinadziwe. Inunso simunadziwe kuti mulibe."

Tinayenda mpaka kufika kukhola, atate n'kutsekera mbuzi.

Anthu ena akamva nkhaniyi amafuna ndinene kuti ndikadalowa ndine, atate akadakhala ndi mkono. Sindinena. Ine ikadandigwira sikadakhala nkhani ya mkono. Sindinalakwe, ndipo sindinadzionepo wolakwa. Chimene ndinaphunzira ndi china, ndipo n'chowawa kuposa. Pa anthu onse amene anaima pa dziwe lija palibe amene ananama. Adona ankakhulupiriradi kuti mulibe kanthu. Atate, amene ankandikonda kuposa munthu aliyense, ankakhulupiriranso. A Kaitano ankangofuna kusunga ndalama zawo, monga aliyense amafunira. Munthu safunika kukhala woipa kuti akutume ku imfa. Angofunika kukhala wotsimikiza za chinthu chimene sanachione. Ndiye mukamva adzukulu anga akuti ambuya sakhulupirira munthu, n'zoona. Wansembe, namwino, mwana wanga wobereka ndekha, onse ndimawamvera mwaulemu, kenako ndimapita kukayang'ana ndekha.

Ndipo za mtengo wokonzera dziwe, amene mmisiri amatchula uja ndi wochepa pa yonse. Mwini nyumba akaukana sikuti wapita ayi. Umangotsika pansi, kukadikira amene adzatumidwe kulowa, ndipo ameneyo sakhala mwini nyumba.

Ndalemba zonsezi chifukwa ukalamba wandibwezera pa dziwe. Mwana wanga Benedikito amagwira ntchito ku Lusaka, ndipo anagula nyumba yakale kuno kuboma, chakufupi ndi mtsinje, ati adzaikonze izikhala ya alendo. Anandichotsa ku Mburuma kuti ndizimusungira nyumbayo, pamodzi ndi ana ake aang'ono amene amaphunzira kuno. Kuseri kwake kuli dziwe, penti wake wosupuka ngati khungu la njoka, madzi ake obiriwira. Nditangoliona ndinalamula kuti atulutse madzi onse ndi pampu tsiku lomwelo. Benedikito anafunsa mitengo pafoni, wina wa penti, wina wa pulasitala watsopano, wina wa matailosi, aliyense akuwonjezerapo za ulendo wochokera ku Lusaka.

"Amama, mtengo wake ndi wa galimoto," anandiuza. "Tidikire mvula ithe, manje zinthu zavuta. Koma musalisiye louma nthawi yaitali, akuti limang'aluka."

"Ling'aluke," ndinatero.

Kunabwera bambo wina pa geti, ovololo yake ili ndi mawanga a penti, ati wamva kuti tili ndi ntchito. Anali ndi zitini zotsala kwinakwake, penti wakuda ngati makala, wotchipa. "Mwandi ambuya, ndiye fashoni ya manje, maiwe a anthu olemera onse ndi akuda." Ndinamuthamangitsa ndi mpini. Aneba anandiseka, ati nkhalamba yapenga.

Koma dziwe lopanda madzi silikhala louma nthawi ya mvula. Potulukira pake panatsekeka kalekale, ndipo mvula ikagwa madzi amaunjikana kumbali yakuya. Akangogona pang'ono amabiriwira, pansi osaonekanso. Mtsinje wadzaza chaka chino, ndikuumva ndili m'nyumba, ndipo mpanda wathu mbali ya kumunsi ndi wa waya wakale. Adzukulu anga ndi ana, mpira ukagweramo amautsatira. Benedikito anati alembe mlonda. Ndinamuona mlondayo tsiku lake loyamba, ataima pamwamba manja ali m'thumba, akuyang'ana madziwo n'kunena kuti zonse zili bwino. Ndinamubweza.

Choncho ndimatsika ndekha. Ana akapita kusukulu ndimatseka geti, kutenga ndodo yaitali ndi ndowa, n'kutsika makwerero chobwerera m'mbuyo. Ndimayamba ndabaya madziwo ndi ndodo, kona ndi kona. Kenako ndimakapa, kusenza ndowa mpaka kumbali yosaya, kukhuthulira kunja, kubwereranso, mpaka simenti ionekere. Pansi pake ndi potsetsereka ndipo pamera ndere. Sabata yatha phazi linandithawa. Ndinagwera chambali, ndowa uko, ndipo bondo linakana kudzuka. Ndinakhala pansi pa dziwe, madzi ali m'chiuno, makoma atandizungulira, ndikuona thambo lokha. Ndinaitana. Palibe anabwera, ndipo sindingawadandaule, chifukwa ndine ndemwe ndinaphunzitsa anthu a kuno kusayandikira geti langa. Dzuwa linafika pamutu ndisanathe kudzikoka ndi zigongono mpaka pa makwerero. Ana atabwera ndinawauza kuti ndinaterereka kubafa.

Mitambo yayambanso kusonkhana kumbali ya Zumbo, ndipo mawa m'mawa nditsikanso. Ndiye ndikupempha inu amene muwerenge izi, makamaka a kuno kwathu amene mwandizindikira kale ngakhale sindinatchule nyumba. Mukamadutsa popita kumsika wa nsomba kapena kudoko, imani pa geti mugogode mwamphamvu. Ndidzakuyankhani mwaukali, mwina sindidzakutsegulirani, musakhumudwe, ndi mmene ndilili. Koma mukagogoda osamva mawu anga, musapitirire. Kankhani getilo, loko wake ndi wofooka, muzungulire kuseri kwa nyumba, mufike m'mphepete penipeni muyang'ane pansi. Ndipo chonde mufike sukulu isanaweruke, ana asanandipeze ndiwo.